Chimbale Chomwe Achimwene Ankachifunafuna Kumanzere

Ine Rauno ndayenda, abale. Mbaula zanga za m'sauna, tinyumba tosambiramo nthunzi tija, zikutenthetsa misana ya anthu ku Japan, ku Canada, mpaka ku Chile, ndipo zonsezi ndinaziyamba ndi makina amodzi owotcherera zitsulo m'galaja ya malemu bambo athu kuno ku Lieksa. Kulikonse kumene ndimapita kukagulitsa mbaula, chikwama cha zimbale zoponya chimakhala kumsana. Masewera ake ndi oti umaima poponyera n'kuponya chimbale chapulasitiki pakati pa mitengo mpaka chikalowe m'dengu lachitsulo limene lili patali, ukatero n'kupita pa dengu lina. Ndalowetsapo chimbale m'dengu la maunyolo pakati pa chipululu, ndalowetsapo chipale chofewa chili m'chiuno, ndalowetsaponso ku Estonia mphepo ikuzula mahema. Munthu akangogwira chimbale m'manja, asanaponye n'komwe, ine ndimadziwiratu kumene chikagwere. Mukafunse aliyense pabwalo lathu.

Koma chimbale chimene chinandizunguza mutu pochisankha sichinali changa. Chinali cha achimwene anga, a Taisto.

A Taisto anadula mitengo m'nkhalango moyo wawo wonse. Alamu anga, akazi awo, atamwalira, sipanapite nthawi, mtima wawo unayamba kuvuta, madokotala n'kuwang'amba pachifuwa. Powatulutsa anawauza kuti mankhwala aakulu ndi kuyenda, tsiku ndi tsiku. Iwo anangofika kunyumba n'kukhala pampando wa pawindo ngati awakhomerapo ndi misomali. Chipale chinasungunuka, masamba anaphuka, iwo ali pomwepo.

Mwana wawo Marjut, amene amakhala kutali mumzinda waukulu wa Helsinki, anandiimbira foni.

"Bambo aang'ono, ine ndatopa," anatero. "Chilimwe chikatha asanayambe kuyenda, ndibwera kudzawatenga. Nyumbayo tigulitsa."

"Ukawaika kuti? M'kabokosi kanu ka m'mwamba mwa nyumba yosanja kaja? Munthu wa m'nkhalango? Iwe, ukawakwirira Khirisimasi isanafike."

"Ndiye ndiwasiye afere okha pampando?"

Mwanayo sankalakwa. Ine amene ndinagulitsapo mbaula kwa munthu wokhala m'dziko lotentha ngati ng'anjo, sindikanalephera kudzutsa m'bale wanga pampando. Ndinangoti, "Ndipatse chilimwe chimenechi. Ndiwayendetsa ndi chimbale."

Mwamuna wake wa Marjut, Verneri, ndi munthu wabwino, wa zamakompyuta, koma mawu anga aja anawamva theka. Pa tchuthi cha pakati pa chilimwe anabwera ndi mkazi wake, n'kuwanyengerera achimwene mpaka kuwakweza m'galimoto kupita nawo kubwalo loponyera zimbale. Ine ndinali m'njira kuchokera ku Osaka ku Japan, ndiye ndinafika zinthu zitawonongeka kale. Ndinapeza achimwene ataima poponyera poyamba, m'manja muli chimbale chakuda, chonyezimira, cha mkombero waukulu ngati tayala.

"Chimenechi ndi chomwe akatswiri amaponya pa kanema, apongozi," Verneri ankatero monyadira. "Palibe chothamanga kuposa ichi m'sitolo monse."

Achimwene anaponya. Munthu amene ankanyamula chipika paphewa ngati mtolo wa udzu. Chimbale chija chinangouluka pang'ono, n'kupendekera kumanzere ngati mbalame yothyoka phiko, n'kukagwera m'zitsamba, phi! Marjut anandinong'oneza kuti aka kanali kachitatu, ndipo konse chinagwera malo omwewo. Kumbuyo kwathu kunali gulu la anthu odikira. Palibe anaseka, koma onse anayang'ana pansi.

"Mkono watha," anatero achimwene, akuyang'ana dzanja lawo. "Mtima watha, mkono watha. Ndisiyeni."

"Achimwene, si mkono wanu, ndi chimbale ichi!"

Anatembenuka n'kupita kukakhala m'galimoto.

Apa ndi pamene oyamba kumene onse amagwa. Chimbale chilichonse chimalembedwa manambala pamwamba, ndipo yoyamba imanena liwiro. Munthu amaona 13 n'kumati nambala yaikulu ndiye mtunda wautali. Ayi ndithu. Nambala ija sikukulonjeza kanthu, ikukulamula: ikuti undiponye mwamphamvu chonchi, apo ayi sindiuluka. Ukalephera kuchipatsa liwiro limenelo, chimakukana, chimakhotera kumanzere n'kudzigwetsa. Chimbale cha Verneri chinawanamiza achimwene kuti thupi lawo latha, ndipo iwo anachikhulupirira kuposa ine m'bale wawo.

M'mawa mwake ndinatsegula galaja yanga. Khoma lonse ndi zimbale, mitundu yonse, zina zosainidwa ndi anthu amene mayina awo simungawatchule. Zonenepa zolowetsera m'dengu pafupi ndinaziika pambali, chifukwa munthu ngati a Taisto amafuna kuona chinthu chikupita kutali. Zamtunda wautali zakuthwa zija ndinazikankhira uko. Ndinatsala ndi zapakati pake, zimene timaponya m'mipata ya mitengo, za liwiro 6 kapena 7.

Ndinayamba ndi mkombero. Achimwene anadulidwa nsonga ya chala ndi sowo ya injini kalekale, ndiye mkombero waukulu sangaugwire bwino. Ndinafuna wopyapyala, woti zala zikwanire. Kenako kulemera. Cha Verneri chinali cha magalamu 175, cholemera mapeto. Ine ndinafuna chosapitirira 160, choti mphepo ichinyamule yokha. Ndinafunanso chofatsa, chimene chikachoka m'manja chimayamba chapendekera pang'ono kumanja chisanabwerere, kotero kuti kwa munthu wa mkono wofooka chimayenda mowongoka. Ndipo ndinafuna chakale, chomenyedwamenyedwa ndi mitengo. Chimbale chili ngati nsapato: chatsopano chimaluma, chakale chimamvera.

Zinatsala zisanu. Tsono mkono wanga ine ndi wamphamvu kwambiri, chilichonse chimandiulukira, ndiye kuyesa ndi mphamvu zanga kukanakhala kudzinamiza. Ndinatenga mpando wa kukhitchini, n'kuukhazika pakati pa bwalo la mpira, n'kumaponya nditakhala pansi, miyendo ili duu. Anthu odutsa ankaima. Mnzanga wina wa pafamu anatsitsa galasi la galimoto n'kukuwa kuti, "Rauno, ndalama zakupengetsa tsopano?" Ndinamuuza kuti ayende, akatswiri ali pantchito. Mwa zisanu zija, chimodzi chinkangoyandama mowongoka ngati chikuyenda pa chingwe, ngakhale ndiponye mwaulesi chotani. Chinali cha pinki. Zinandikomeranso, chifukwa m'nkhalango pinki sabisala.

Ndinachitembenuza n'kulemba kunsi kwake, monga aliyense amachitira, dzina ndi nambala ya foni, kuti wochitola aimbe. Dzina ndinalemba la a Taisto. Nambala ndinalemba yanga, chifukwa achimwene foni amaiona ngati njoka.

Ndinawapeza pawindo pomwe paja.

"Cha pinki?" anatero. "Ukundiyesa mdzukulu wako?"

"Tachigwirani kaye, achimwene."

"Mkamwini wandichititsa manyazi ndi chakuda, iwe wabwera kudzamalizitsa ndi cha pinki."

"Mverani kuno. Musamachiponye ngati mukugwetsa mtengo. Tembenuzani mapewa mpaka maso ayang'ane kumbuyo, kenako kokani chimbale modutsa pachifuwa, mosapendeketsa, ngati mukukoka chingwe choyatsira sowo. Basi. Zotsalazo chichita chokha."

"Wamaliza ulaliki?"

"Tiyeni mawa tikayese."

"Pamaso pa anthu sindidzaponyanso. Pita ku Japan kwako uko ukawaphunzitse amenewo."

Anatenga chimbale chija n'kukhazikapo kapu yawo ya khofi. Ndinachisiya pomwepo patebulo.

Masabata anapita. Ndinkadutsako masana aliwonse ndikakhala kuti ndili m'dziko muno, ndipo nthawi zonse ndinkawapeza pampando, akuwodzera, otopa kuposa kale. Chimbale chinasowa patebulo. Nditafunsa, anangoti, "Chili penapake." Ndinadziwa kuti chapita m'bini. M'mikono mwawo munali zilonda zokandika ndi totupa ta udzudzu, ndipo nditafunsa anati udzudzu ukulowera pawindo. Marjut akaimba kufunsa ngati ayamba kuyenda, ndinkayamba kumusimbira za Chile. Koma mwanayo ndi wamagazi athu, sapusitsika. Kumapeto kwa Ogasiti anangoti, "Ndikubwera Loweruka. Ndikubwera ndi makatoni."

Loweruka lija foni yanga inalira ndisanamalize khofi woyamba.

"Bambo aang'ono, bambo kulibe!"

"Kulibe bwanji? Wayang'ana m'sauna?"

"Ndayang'ana paliponse! Chitseko n'chosakhoma, foni ili patebulo, mankhwala a m'mawa sanamwe. Nsapato zawo za m'nkhalango palibe."

Ndayendetsapo galimoto m'misewu yoopsa ya m'mapiri a ku Chile osatuluka thukuta, koma m'mawa umenewo chiwongolero chinkanditerera m'manja. Munthu amene sanatuluke m'nyumba chichokereni kubwalo tsiku la manyazi lija, wasowa tsiku lomwe akudziwa kuti akubwera kudzamutenga. Simufunika kuyenda mayiko kuti mudziwe zimene ndinkaganiza. Ndinapeza Marjut ataima panja pa nyumba, nkhope ili mbuu, makatoni opindidwa atadzaza kumbuyo kwa galimoto yake. Verneri ankazungulira nyumba akukuwa, "Apongozi! Apongozi!" Nkhalango inali zii.

"Ndine ndawathamangitsa," Marjut ankangobwereza. "Ndi makatoni angawa."

Ndinatulutsa foni kuti ndiimbire apolisi, ndipo isanafike kukhutu inalira yokha. Nambala yachilendo.

"Halo, kodi ndikulankhula ndi a Taisto?" Anali mawu a mayi wachikulire, osangalala ngati palibe vuto padziko. "Ndine Hilkka. Ndatola chimbale chanu cha pinki kubwalo kuno."

"Mayi, panopa sitili pa za zimbale, tili ndi..." Ndinaima. "Mwati cha pinki? Kubwalo?"

"Ee, pa dengu loyamba. Chikuoneka kuti chakhalitsa, chadzaza masamba."

Chimbale chimene ndinachisiya patebulo pansi pa kapu ya khofi sichikanadziyendera chokha kupita kubwalo.

"Marjut, Verneri, tiyeni pa galimoto yanuyo!"

Kuchokera kunyumba ya achimwene kukafika kubwalo ndi mtunda ndithu, kanjira kodutsa m'nkhalango n'kukwera kaphiri. Ife tinazungulira pamsewu. Poimika magalimoto tinapeza mayi wa tsitsi loyera, chikwama cha zimbale kumsana, cha pinki chija chili m'manja.

"Mwaonako bambo wamtali, wa ndevu zotuwa?" Marjut anafunsa akupuma mwabefu.

"Agogo a m'zitsamba aja? Amabwera m'mawa uliwonse. Timawapatsa moni, iwo amangogwedeza mutu. Ali uko."

Analoza kumanzere kwa poponyera poyamba, m'zitsamba zomwe zija chimbale chakuda chinagweramo katatu. Tinamva tchire likuphwanyika. Kenako tinaona msana wa malaya a mizeremizere, munthu atagwada, akukankha masamba ndi ndodo, pambali pake thumba lalikulu lofufuma.

Marjut anangokhala pansi pa udzu pomwepo n'kuyamba kulira. Ine mpweya umene ndinaugwira kuyambira kunyumba unatuluka wonse kamodzi, mpaka ndinagwira mtengo. Ine Rauno, kugwira mtengo!

Achimwene anadzuka, masamba ali m'ndevu, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Inuyo!" Marjut anakuwa. "Timayesa inuyo! Foni mwaisiya, mankhwala mwawasiya!"

"Mankhwala ndimamwa ndikabwerako, ndi khofi. Mwafika msanga ndinu. Anthu a ku Helsinki amadzuka nthawi ino chiyambire liti?"

"Achimwene," ndinatero, "mukufuna chiyani m'tchiremu?"

Anayang'ana kumbali. Anakanda ndevu. Pomaliza anati, "Chimbale chako chija. Ndinabwera nacho m'mawa mwake, kusanabwere anthu. Ndinachita monga unanenera, mapewa kumbuyo, kukoka ngati sowo. Chinachoka m'manja, ndinayang'ana kuno kumene zimagwera, osachiona. Ndiye ndimati ndichipeze kaye. Sindimafuna uzindiimbira nyimbo yoti ndakutayira chimbale choyenda mayiko."

"Kuyambira tsiku lija? M'mawa uliwonse?"

"Kupatula tsiku la mvula yamatalala."

"Wapansi?" Marjut anafunsa, akupukuta maso. "Kaphiri kaja mumakwera wapansi?"

"Nanga ndiuluke? Poyamba ndinkapuma kanayi. Pano sindipuma." Anakankha thumba lija ndi phazi, ndipo munatuluka zimbale zobiriwira, zachikasu, zofiira. "Ndatola za anthu onse a m'tauni muno. Chakuda cha mkamwini chilimonso. Cha pinki chokha ndiye chinalowa pansi."

Mayi Hilkka anatambasula dzanja. "Ichi?"

Achimwene anachilandira, n'kuchitembenuza, n'kuwerenga dzina lawo. "Munachitola pati? Tchire lonseli ndalipeta ngati mpunga."

"Osati kuno, bambo. Tabwerani."

Anatitsogolera. Tinachoka m'zitsamba zija n'kulowa mumpata weniweni wa pakati pa mitengo, molunjika. Tinayenda, tinayenda, tinakwera kachitunda, n'kutsikira kuseri kumene dengu limaima, kosaoneka ukakhala poponyera. Tinalidutsa dengulo. Mayi aja anaima pa kamtengo ka paini kakang'ono kuseri kwake.

"Chinakodwa m'nthambi umu. Mphepo ya dzulo ndiyo yachigwetsa."

Achimwene anatembenuka kuyang'ana kumene tinachokera. Poponyera paja sipankaoneka n'komwe. Anayang'ana dzanja lawo, monga analiyang'anira tsiku la manyazi lija.

"Wina anachisuntha," anatero.

"Palibe anachisuntha!" ndinakuwa, mpaka mbalame zinabalalika. "Ndinakuuzani ine! Mkono wanu ulipo, achimwene! Munaponya kupitirira dengu, ndiye inu n'kumakafunafuna kumene chakuda chija chinkagwera! Chilimwe chonse mwakhala mukukwawa pamalo olakwika! Anasankha ndani chimbale chimenechi? Anasankha ndani?"

"Tamuonani," achimwene anauza Mayi Hilkka. "Ndaponya ndine, wodzitama ndi uyu. Anabadwa choncho. Analira asanatuluke."

Verneri anali atatola chimbale chake chakuda m'thumba muja, akuchiyang'ana mwamanyazi. "Apongozi, pepani. Ndinkayesa chothamanga ndiye chabwino."

"N'chabwino, mkamwini. Ndi chokhazikapo poto."

Marjut sanaseke nawo. Anaima manja atapinda pachifuwa, monga ankaimira malemu mayi ake.

"Bambo, ponyani ndione."

Titabwerera poponyera paja, tinapeza patafika kale anthu ena, akudikira ndi zikwama zawo. Achimwene anawayang'ana. Kuponya kumodzi kwamwayi kumachitika kwa aliyense. Chikanakhotera kumanzere pamaso pa anthuwa, ndinkadziwa kuti abwerera pampando uja, ndipo makatoni atsika m'galimoto.

Achimwene anaima poponyera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakumbutse za mapewa.

"Iwe Rauno, ukangoyankhula ndikuponya iweyo."

Ndinatseka. Anapukuta chimbale pa malaya, anaika zala mumkombero, chala chodukacho n'kukhala bwinobwino. Anatembenuza mapewa. Anakoka.

Chinachoka motsika, chinapendekera pang'ono kumanja, kenako chinadziwongola n'kuyandama pakati pa mitengo, osafulumira, ngati chikudziwa kwawo. Ulendo uno achimwene sanayang'ane kumanzere. Anachitsatira ndi maso mpaka chinazimiririka kuseri kwa kachitunda. Sichinalowe m'dengu, musandiyese wabodza. Sitinamve maunyolo. Koma munthu wina mwa odikira aja anaimba mluzu n'kunena kuti, "Madala, mkono umenewo mumaubisa kuti?"

Achimwene anakhosomola, ngati alibe nazo ntchito. Makutu awo anali atafiira.

Marjut anapuma mozama. "Foni muziyenda nayo m'thumba. Mankhwala muzimwa musanatuluke, osati pobwera. Mukaphwanya chimodzi mwa zimenezi, ndibweranso."

"Ndiye nyumba?"

"Nyumba ndi yanu. Ndani angakusungeni m'mwamba muja, inu ndi matope anuwa?"

Anawakumbatira, nkhope n'kuibisa m'malaya odzaza masamba aja. Achimwene anamusisita pamutu ndi dzanja loponyera lija, chifukwa dzanja linalo linali ndi ndodo.

Makatoni aja sanabwerere opanda ntchito. Tinatambasula imodzi n'kukhuthuliramo thumba lonse la zimbale zotoledwa, chilichonse chili ndi dzina ndi nambala kunsi.

"Zimenezi eni ake akuzidikira," anatero Mayi Hilkka. "Wotola ndiye amaimba, bambo. Mukudziwa lamulo."

"Aimba Rauno. Amakonda kuyankhula."

"Ayi," ndinatero. "Ine ndinasankha chimbale, ntchito yanga inathera pamenepo. Mwatola ndinu, muimba ndinu."

Anang'ung'udza njira yonse mpaka kunyumba. Koma masana omwewo, titadya soseji ndi buledi wakuda, ndinawamva ali pakhonde, magalasi pamphuno, foni ataigwira patali ngati ingawalume: "Halo. Ndine Taisto. Ndatola chimbale chanu chachikasu. Ayi, musabwere kunyumba. Mundipeza kubwalo mawa m'mawa."

Anadula foni n'kusuzumira pawindo.

"Iwe Rauno. Chonga chimenechi, choyenda chimodzimodzi, uli nacho china?"

"Ndili nazo khoma lonse, achimwene!"

"Chisakhale cha pinki."

Ndinawabweretsera m'mawa mwake. Chinali cha pinki.